Mmisiri wa Nsapato ndi Phazi Losamva Ululu

Panali munthu wina ku Limbe, dzina lake Magombo, amene anagwira ntchito m'fakitale ya nsapato zaka makumi awiri ndi zitatu. Analowamo ali wopaka guluu, nakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala kapitawo wa chipinda chomaliza, kumene nsapato iliyonse inkadutsa m'manja mwake isanalowe m'katoni. Ankanyamula peyala, kuika yakumanzere pambali pa yakumanja, kuziyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Ulusi umodzi ukapatuka pamzere, peyalayo inkabwerera kumene yachokera. Anzake ankati diso la Magombo silidya chiphuphu.

Chaka china abambo a kutchalitchi kwawo anasonkhanitsa nsapato zoti akapereke ku kabungwe kena ka m'dera la Balaka, kosamalira anthu amene anadwalapo khate. Magombo anapita nawo. Anawalandira mayi Dzimbiri, namwino wopuma pantchito, mayi wamfupi woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Panali nyimbo, mawu othokoza ndi kujambulitsa. Anzake akumwa thobwa pamthunzi, Magombo anathandiza kunyamula matumba kupita nawo m'chipinda chosungira katundu. Mmenemo anapezamo matumba ena a nsapato, a alendo a zaka za m'mbuyo, ena osamasula n'komwe.

"Kodi izi simugawa?" anafunsa.

"Timapatsa ana awo ndi adzukulu," anayankha mayi Dzimbiri. "Eniakewo sangavale. Matenda anachira, mankhwala anamwa n'kumaliza, koma mapazi anatsala ndi dzanzi losatha. Nsapato ya m'sitolo imawadya osadziwa. Nsapato tili nazo, bambo. Tikusowa wosoka."

Mawu amenewo anakwera naye basi mpaka ku Limbe. Anakhala nawo zaka ziwiri, osauza munthu. Ankati akanyamula peyala kuntchito, n'kukumbukira matumba aja. Atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, ana onse atachoka pakhomo, anauza mkazi wake kuti akufuna kusiya ntchito n'kukasoka nsapato ku Balaka kuja.

"Bambo a Ulemu," anatero mkaziyo, "anthu amathawa dzuwa la ku Balaka, inu ndiye mukufuna kukaliotha? Mwafunsa mutu wanu, kapena mtima wokha?"

"Ndafunsa zonse ziwiri."

"Ndiye chimodzi chikukunamizani."

Patapita sabata, mkaziyo anamusitira malaya onse, nawapinda m'chikwama. "Pitani mukaone," anatero. "Ine nditsala ndi nkhuku zanga mpaka mutapeza nyumba yosadontha."

Malo ake atsopano ogwirira ntchito anali khonde lakuseri kwa kachipatala ka bungwelo. Panali makina amodzi opalasa ndi phazi, benchi, mulu wa matayala akutha ndi mphira yofewa yoyala m'kati mwa nsapato. Amene ankasoka kale anali atachoka, nasiya masandasi akuda a malamba awiri, ena okhota, ena aakulu ngati chipande. Magombo anaphunzira msanga zimene mayi Dzimbiri anamuuza: msomali ayi, waya ayi, m'kati mofewa, kutsogolo kotakasuka. Pakhoma panali lamulo lolembedwa ndi penti yobiriwira. Linkati nsapato yatsopano izivalidwa pompo kaye, masiku atatu. Munthu ayende kuzungulira bwalo, aivule, phazi lionedwe ndi kugwiridwa, kenako aivalenso. Magombo analiwerenga tsiku loyamba, nagwedeza mutu. Mumtima anati lamulolo analembera osoka akale aja, odula mphira ngati akudula chinangwa.

Panalinso china chimene sankachitchula. Poyeza phazi, ankauza munthu kuti aponde papepala, iye n'kuzunguliza pensulo ataigwirira kumapeto kwenikweni, kuti chala chake chisakhudze khungu. Ankadziwa kuti anthuwo anachira ndipo sangamupatsire kanthu. Mutu unkadziwa, koma zala zinali zisanamve. Zogwira mapazi anazisiyira namwino.

Miyezi isanu ndi umodzi inadutsa bwino. Masandasi ake anali oongoka, malamba ake osathothoka, ndipo anthu ankachokera kutali kudzawafuna.

Ndiye kunabwera a Namaseko, mayi wamasiye wolima mtedza, wa kumudzi wa kutsidya kwa mitsinje iwiri, ulendo wa maola awiri wapansi. Mapazi awo onse sankamva, ndipo lakumanzere linalibe zala ziwiri, linali lophwatalala. Anakhala pabenchi, navula masandasi amene Magombo anawasokera, nawaika pathebulo mwaulemu.

"Awa ndi abwino kumunda, a Magombo, sindikuwanyoza ayi. Koma mwana wanga Esitere akukwatiwa. Ukwati woyera, wa kutchalitchi, ndipo kuchimuna ndi anthu a ku Zomba. Ndikalowa ndi awa, asanandipatse moni adziwa kale kumene ndinawatenga. Masandasi awa amalankhula kuposa ine." Anasisita m'mphepete mwa chitenje. "Ndikufuna nsapato yotseka, ngati ya azimayi anzanga. Ya tsiku limodzi lokha."

Ukwatiwo unali utatsala masabata asanu ndi awiri. Mtima wa Magombo unadumpha, pakuti aka kanali koyamba chibwerereni kuti munthu amupemphe luso lake lonse. Anaitanitsa chikopa chofiirira kuchokera ku Limbe. M'kati anayalamo mphira yofewa, ndipo sanakhomemo msomali ngakhale umodzi. Koma atadula zikopa motsata pepala, naika yakumanzere pambali pa yakumanja, diso lake linakana. Yakumanzereyo inali yotakata, yosafanana ndi inzake, ndipo zaka makumi awiri ndi zitatu zinamuuza kuti peyala yotere situluka pakhomo. Anaichepetsa pang'ono, pang'ono zedi, ngati m'lifupi mwa chala chaching'ono. Kuti isaphwasuke, anaikamo kachikopa kolimba m'mbali, nasoka msoko wake m'kati kuti kunja kuoneke kosalala. Msokowo anaupsinja ndi hamala monga ankachitira kufakitale.

Ku Limbe msoko wotero sunavulazepo munthu. Phazi lomva likakhudzidwa ndi kanthu limadzisuntha lokha, mwini wake osadziwa. Likatopa nako, munthu amatsimphina, kapena kuvula n'kuyang'anamo. Phazi la a Namaseko linalibe mwayi umenewo.

Tsiku lodzatenga, mayi Dzimbiri anali atapita kumidzi panjinga yamoto. A Namaseko anamasula pepala, nagwira pakamwa. Anavala okha. Magombo anawerama, nadina ndi chala chachikulu kunsonga kwa nsapato, monga amachitira aliyense wodziwa ntchito yake.

"Ikukupanani penapake?"

"Ayi."

"Tayendani mpaka pachitseko apo. Ikupweteka?"

"Ngakhale pang'ono. Ngati ndaponda thonje." Anaseka, akuyang'ana pansi. "Taonani, ndasanduka aphunzitsi! Kodi ndivale popita, kapena ndisunge?"

"Valani," anatero Magombo. "Nsapato yatsopano imafuna kuyendedwa kuti izolowere phazi."

Umo ndi mmene ankauzira aliyense moyo wake wonse, ndipo kwa aliyense zinali zoona. A Namaseko anakulunga masandasi aja m'nsalu, nawasenza pamutu, nanyamuka. Iye anaima pakhonde kuwayang'ana mpaka anakhota pamtengo wa mlambe, ndipo kuchokera kumbuyo nsapato ziwirizo zinkaoneka ngati mapasa.

Anayenda nazo maola awiri aja. Mawa lake anakazionetsa kwa achemwali awo, Lamulungu napita nazo kutchalitchi. Tsiku lachisanu achibale anabwera nawo pakabaza, thupi likutentha, mwendo utatupa. M'mbali mwa phazi lakumanzere munali chilonda chachikulu ngati chitsekerero cha botolo, chozama.

Mayi Dzimbiri anachitsuka, nawagoneka m'chipinda cha mabedi anayi, nawaletsa kuponda pansi. Atasamba m'manja anabwera kukhonde. Sanakweze mawu.

"Chikafika pafupa, tiwatumiza kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko mwina sabwerako ndi phazi."

"Ndinawafunsa," anatero Magombo. "Ndinawafunsa kawiri konse."

"Ndikudziwa kuti munawafunsa. Ndipo iwo sanakunamizeni."

Anatero, nabwerera kwa odwala awo.

Masiku awiri makina aja sanalire. Magombo ankakhala pabenchi, mpeni uli m'manja, osadula kanthu. Ankaganiza za chipinda chake cha ku Limbe, kumene cholakwa chinkangobwerera m'dengu, osatuluka magazi. Ankadziwa kuti akapita kukagogoda amulandira, pakuti amene analowa m'malo mwake ankamuimbirabe foni kufunsa nzeru. Tsiku lachitatu anaimbira mkazi wake, namufotokozera zonse.

"Ndibwerera," anatero. "Ndinabwera kudzathandiza, ndipo ndalemaza munthu. Ntchito imeneyi ndi ya ena."

Pafoni, kumbuyo kwa mkaziyo kunkamveka nkhuku.

"Bwerani, pakhomo ndi panu," anatero. "Koma mayiwo mwawaona?"

"Ayi."

"Ndiye mubwera bwanji, bambo a Ulemu?"

M'mawa analongedza chikwama, naikamo mipeni yake iwiri imene anachokera nayo ku Limbe, nalowa m'chipinda cha odwala kuti akapepese ndi kutsanzika. A Namaseko anali atagona chagada, phazi lomangidwa bandeji litatsamira papilo. Kumutu kwawo kunali kamtolo ka chitenje. Magombo anaima kumiyendo kwa bedi, chikwama chili m'manja, napereka moni. Asanafike pa mawu amene anawakonza, mayiwo anayamba ndiwo.

"Pepani, a Magombo. Ndakudetserani nsapato." Anamasula kamtolo kaja. "Ndinayesa kupukuta, koma m'katimu zakana."

"Mayi, wopepesa ndine. Nsapatoyo ndi imene yakuvulazani."

"Iyayi! Nsapato yokongola chonchi ingalakwe bwanji? Ndi phazi langali, silimva kuuzidwa."

"Ndipatseni ndione."

A Namaseko anaikumbatira pachifuwa. "Musanditengere. Chilonda chikangopola, ndidzavala tsiku limodzi lokhalo, basi. Sindidzayenda nayo kutali. Mwana wanga anaiona kale, anakondwera."

Apo ndi pamene Magombo anaona chimene kuchoka kwake kukanachita. Akakwera basi, nsapatoyo itsala. Mayiwa adzaibisa kwa namwino, adzaivala tsiku la ukwati kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa, adzavina nayo, ndipo msoko uja udzapeza malo ake omwe aja pakhungu lanthete. Akailanda n'kupita nayo, mayiwa adzalowa m'tchalitchi ndi masandasi akuda, kapena sadzalowamo n'komwe.

Anaika chikwama pansi.

"Ndibwerekeni yakumanzere yokha," anatero. "Sindituluka nayo m'chipinda muno."

Anampatsa monyinyirika. Magombo analowetsamo dzanja, nayendetsa chala m'mbali. Msoko uja anaupeza msanga. Unali utadzuka ndi thukuta ndi fumbi la m'njira, utauma ndi magazi, wakuthwa ngati m'mphepete mwa tsekera. Anatsegula chikwama, natulutsa mpeni, naing'amba nsapatoyo kuchokera kukamwa kwake mpaka kunsonga.

"Mayo! A Magombo, mwapenga kodi?"

Odwala ena awiri anadzuka pamabedi awo. Mayi Dzimbiri anafika pakhomo akuthamanga, naima pomwepo. Magombo anatambasula chikopacho, nachibweretsa pafupi ndi nkhope ya a Namaseko.

"Taonani apa. Phazi lanu silinalakwe. Cholakwa ndi ichi, ndipo ndinachisoka ndine, kuti nsapato zifanane." Kenako anatembenukira kwa namwino. "Mayi Dzimbiri, ndionetseni mmene mumagwirira."

Mayi Dzimbiri anamuyang'ana, nayang'ana chikwama chili pansi. Anamulozera beseni ndi sopo. Magombo atasamba m'manja, mayiwo anamuuza kuti ayambe ndi phazi lakumanja, lopanda chilonda.

"Gwirani ndi kuseri kwa zala zanu, ndiko kumene kumamva kutentha msanga. Yendani pang'onopang'ono, kuyambira kuchidendene. Pamene patentha kuposa pena, pamenepo pavutika. Pamene paumbika kapena kunyezimira, dinani muone. Chilonda chimayamba m'kati. Chikamaonekera kunja ndiye kuti tachedwa."

Magombo anagwada, nanyamula phazilo ndi manja onse awiri. Linali lofunda, lolemera, chidendene chake chili ndi ming'alu ngati cha mayi aliyense wolima. Panalibe chachilendo chilichonse. Anachita manyazi ndi miyezi isanu ndi umodzi ija.

A Namaseko anali akuyang'ana kudenga, misozi ya nsapato yawo ikutsikira kukhutu. Patapita kanthawi anafunsa, "Mwagwira kale?"

"Ndagwira, mayi."

"Ine sindikumva kanthu. Mundiuze inuyo mmene lilili."

Zala zake zinayenda kuchidendene, m'mbali, pansi pa zala. Pansi pa chala chachikulu zinaima.

"Apa patentha pang'ono."

Mayi Dzimbiri anawerama, nagwirapo. "Patenthadi," anatero. "Ine dzulo ndinapadumpha."

Chilonda chija sichinafike pafupa. Chinatenga masabata anayi ndi masiku angapo kuti chitseke, ndipo nthawi yonseyo a Namaseko sanaponde pansi. Mtedza wawo anakumba ndi achibale, mochedwa, wina unamera m'nthaka. Chipsera chinatsala, ndipo malo amenewo sanalimbenso ngati kale.

Magombo anasoka peyala ina ya chikopa chomwe chija. Misoko yonse anaitulutsira kunja, naikongoletsa ndi ulusi wachikasu kuti izioneka ngati maluwa. Yakumanzere anaisiya yotakata monga phazi linalili. Mayi Dzimbiri atalola, a Namaseko ankaivala n'kuyenda kuchokera pabedi mpaka pamjigo, kubwerera, kuvula. Magombo ankagwada n'kugwira. Kawiri anapeza potentha, ndipo kawiri konse anaiphwasula nsapatoyo n'kuikonzanso. Kachitatu phazi linabwera lozizira.

Tsiku la ukwati anawatengera panjinga mpaka pachipata cha tchalitchi, ndipo kuchokera pamenepo anayenda okha mpaka pabenchi yakutsogolo. Anthu a ku Zomba anawapatsa moni wa manja awiri. Mapemphero atatha, gulu likupita kubwalo la madyerero, ena odutsa kuseri kwa tchalitchi anaona zachilendo: mayi a mkwatibwi atakhala pampando, bambo wina wa tayi atagwada m'fumbi akuwavula nsapato, mkazi wake, amene anabwera kuchokera ku Limbe, ataima pambali atanyamula jekete.

"Lili bwanji?" anafunsa a Namaseko.

"Lili bwino. Koma muvine nyimbo ziwiri zokha."

"Mwana mmodzi yekhayu, nyimbo ziwiri? Zinayi."

"Ziwiri, mayi."

"Apatseni zitatu," anatero mkazi wa Magombo, "inu mudzagwadanso. Mawondo muli nawo."

Anavina zitatu. Itatha yachitatu anabwera okha kuseri kuja, akupuma mwabefu, nakhala pampando, natambasula mwendo. Phazi linali lozizira.

Fanizoli ndi lanu, inu amene mwasiya ntchito imene munkaidziwa bwino n'kubwera kudzatumikira anthu pakati pa moyo wanu. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona; luso lanu likufunika, musalisiye pachipata. Koma kalumo kakuthwa kakafika pakhungu losamva, kamacheka mozama popanda wolira. Kumene mwachokera, mukalakwitsa wogula ankabwerera kudzakalipa, ndipo kukalipako n'kumene kunkakuongolani. Kuno ambiri sadzakalipa. Ena avutika nthawi yaitali mpaka anasiya kumva pamene pakuwawa. Ena akumva, koma sanganyoze chimene apatsidwa mwaulere. Onsewo adzati zikomo, ndipo sadzakhala akunama. Choncho mukafunsa n'kuyankhidwa kuti zili bwino, musathamangire kunyamuka. Bwererani mawa, mugwade, muvule chimene munapereka, muone ndi manja anu chimene chachita.